Mpata wa Wilibala

Anthu ankamutchula kuti Levulo, ndipo dzinalo ankalikonda, ngakhale ankachita ngati sakulimva. Analipata chifukwa cha makoma ake. Khoma lomanga iye, ukaima pakona n'kutsinzina diso limodzi, linkaoneka ngati chingwe chokoka, moti amisiri anzake ankamuseka kuti akanapatsidwa mpata akanawongola ndi msana wa apongozi ake omwe. Levulo yeniyeniyo, kachida koyezera khoma kokhala ndi kadontho pakati, ankaikulunga m'malaya akale n'kuigoneka m'chikwama ngati khanda.

Kuseri kwa dera limene ankakhala kunali bwalo lalikulu. Linali la aliyense chifukwa panalibe ankadziwa mwini wake. Ana ankamenyapo mpira, mbuzi zinkadyapo, ndipo pakati pake panadutsa njira yachidule yopita ku mjigo wa kusukulu, kuchipatala ndi kumsewu waukulu. M'dera lawo munalibe mpope ndi umodzi womwe. Madzi akumwa, ochapira ndi osamba, onse ankadutsa njira imeneyo ali pamitu pa amayi. Kenaka mwini wake anapezeka, monga mmene eni malo amapezekera malo akayamba kukoma. Inali kampani yomanga nyumba zogulitsa, ndipo ntchito ya mpanda wozungulira malo onsewo inagwera Levulo ndi anzake.

Tisaname, chitukukocho chinagogodanso pakhomo pake. Asanathe mbali imodzi ya mpanda, denga la nyumba yake linali litasintha. Malata akale aja, amene ankaonetsa nyenyezi munthu ali pabedi, anapita kukafolera khola la nkhuku, ndipo mabeseni amene ankatchera mvula m'chipinda anabwerera kukhitchini. Mkazi wake, amene bondo lakumanzere linkamuvuta kuyambira pa mwana wawo wotsiriza, anayamba kupeza mankhwala opaka osadikira kuti mwezi uthe. Levulo akamatuluka m'mawa ankayamba wacheuka kuyang'ana dengalo, mtima uli phee.

Mmisiri aliyense womanga mpanda wautali amasiya mpata wa wilibala. Sungamazungulire kugeti ndi mchenga tsiku lonse. Umasiya pakamwa poti wilibala ilowe ndi kutuluka, ntchito ikatha umatsekapo. M'mbali mwa mpatawo sudula njerwa kuti zifanane. Umazisiya zotuluka, ina yaitali ina yaifupi, zimene amisiri amazitcha mano, kuti tsiku lotseka njerwa zatsopano zidzalumane ndi zakale. Levulo anasiya mpata wake pamene panadutsa njira ya amayi ija. Sikuti unali chifundo ayi. Pamenepo nthaka inali yolimba chifukwa cha mapazi a zaka zambiri, ndipo tayala la wilibala silinkatitimira.

Koma m'deralo munali mayi wina amene anthu ankawatchula kuti a Wailesi, chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, masana imakhala itafika kwa ogontha omwe. Iwowa atadutsa pampatapo ndi ndowa yawo, anakafika ku mjigo pakamwa pali moto.

"Amayi inu, mwamuna ndi Levulo! Akuluakulu a kampani amafuna kutitsekera, iye wawaimirira maso ndi maso, akuti apa pokha ndiye ayi, anthu anga amwa chiyani? Atisiyira geti lathulathu!"

Madzulo ake nkhani inali itabala ana. Ena ankati anamenya tebulo mu ofesi, ena ankati anaopseza kuti asiya ntchito. Levulo, amene mu ofesimo sanapondemo n'kamodzi komwe, anayamba kulandira moni wa manja awiri kwa anthu amene kale ankangomukwezera nsidze. Pamaliro anam'patsa mpando pakati pa akuluakulu. Ometa tsitsi pamsika ankamudumphitsa mzere. Wina akamufunsa ngati zinali zoona, iye ankangokanda chibwano n'kunena kuti, "Zinthu zimafuna kukambirana." Bodza sananene, ndipo ankadzitonthoza ndi zimenezo. Koma ulemu ndi wokoma, ndipo munthu amene wakhala moyo wake wonse akuitanidwa ndi likhweru sachedwa kuuzolowera.

Miyezi inapita. M'kati mwa mpanda nyumba zinadzuka, zofanana ngati mapasa, za madenga ofiira ndi mawindo aatali. Anaikamo misewu ya njerwa zapansi, nyale pakona iliyonse, ndi kapinga amene anabwera pagalimoto atakulungidwa ngati mphasa. Pakapingapo anaika timipope tozungulira tothirira, ndipo amayi ankadutsa ndi ndowa pamutu madzi akuvina m'mwamba kumanja ndi kumanzere kwawo. Ena ankaseka kuti udzu wa muno ukusamba kawiri patsiku pamene amuna awo akusamba mapazi okha. Ankaseka, koma diso linkatsalira pamadziwo.

Tsiku lina ogula anayamba kubwera. Levulo anawaona iye ali pansanja, akumalizitsa pulasitala: bambo ndi mayi otuluka m'galimoto yoyera, akuyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa mtsikana wa kampani amene ankaloza uku ndi uku. Nthawi yomweyo mbuzi ya wina inalowa pampata paja, pambuyo pake amayi atatu a ndowa ndi mwana wamphuno zake. Mayi wa galimoto uja anawayang'ana. Anangogwira chikwama chake n'kuchisunthira kutsogolo. Mtsikana wa kampaniyo anachiona, ndipo Levulo anadziwa kuti dzuwa lisanalowe aitanidwa.

Kapitawo anali munthu wamimba, wa mawu okoka, wosakonda phokoso. Anam'peza akutsuka mpeni wake womangira.

"Achimwene, mpata wanu uja mawa mutseke. Mchenga tamaliza."

Levulo anapitiriza kupala simenti pampeni ngati ntchitoyo ndi yofunika kwambiri. "Bwana, ndimati ndifunseko. Bwanji tiikepo kageti kakang'ono? Kachitsulo, koti mlonda azitsegula m'mawa ndi madzulo basi. Amayiwa sakuba kanthu, angodutsa."

Kapitawo anapumira m'mwamba, n'kukhala pa mulu wa njerwa. "Mukuyesa ine sindikuwaona? Kwathu nakonso mkazi wanga amadzukira pamzere wa madzi. Koma tamverani. Nyumba ngati izi zili paliponse. Chimene anthu aja akugula pano si nyumba, ndi mpanda wanuwu. Akugula kuti asamaone zimene aona lero zija. Ndiye ine ndipite kwa mabwana ndikati tiboole chinthu chimene akugulitsa?"

"Kuzungulira n'kutali, bwana. Ena ndi odwala miyendo."

"Ndikudziwa. Akuti khonsolo ibweretsa mipope kwanuko."

"Akhala akunena zimenezo ine ndili mnyamata."

"Eya, ndiye kuti yatsala pang'ono," anatero kapitawo, ndipo onse awiri anaseka kuseka kopanda mano. Kenaka anadzuka n'kudzisansa kumbuyo. "Mukakana, ndiuza wina. Atseka ndithu, koma mokhota, ndipo pakhoma panu padzaoneka chigamba mpaka kalekale. Komanso kutsidya kwa msewu tikuyamba malo ena mwezi wamawa, dzina lanu lili kale pakamwa pa mabwana. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, achimwene. Ganizani bwino."

Levulo anagwira njakata. Popita kunyumba anadutsa pampata pomwepo, ndipo anapeza kuti wina anali atadzalapo timaluwa m'chitini mbali iyi ndi iyo, ngati pakhomo la tchalitchi. Zinamupweteka kuposa mawu a kapitawo.

Kunyumba anapeza mkazi wake atakhala pakhonde, mwendo atautambasula, akupaka mankhwala pabondo. Madzi ake osamba anali ataikidwa kale kubafa monga mwa masiku onse. Anasamba mochedwa, akukonza mawu m'mutu, kuwayala mzere ndi mzere ngati njerwa. Atatuluka, mawu onse anagumuka.

"Mwakhala chete bwanji lero, bambo?" mkaziyo anafunsa.

"Kutopa."

"Ntchito yatsala pang'ono kutha, eti?"

"Yatsala pang'ono."

Mkaziyo anamuyang'ana kanthawi, kenaka anatseka kabotolo ka mankhwala n'kulowa m'nyumba kukapakula. Levulo anatsala akuyang'ana malata ake atsopano, ndipo kwa nthawi yoyamba sanamukomere.

M'mawa analawirira kuposa masiku onse, poganiza kuti ayambe anthu asanachuluke. Kumeneko kunali kudzinamiza, chifukwa palibe mmisiri amene angalawirire kuposa mayi wofuna madzi. Pamene ankafika ndi wilibala ya njerwa, amayi ambiri anali atadutsa kale kupita ku mjigo, ndipo mkazi wake anali mmodzi wa iwo. Ntchitoyo inali yaing'ono, moti kapitawo sanam'patse womuthandiza. Anakanda yekha matope a simenti ndi madzi a m'chigubu, anachotsa timaluwa tija n'kutiika kunja, anamanga chingwe chake kuchokera dzino ili kufika dzino ilo. Anaima mbali ya m'kati, chifukwa mmisiri amaima kumene kuli nkhope ya khoma, ndipo nkhope ya khoma imayang'ana mwini wake.

Mzere woyamba unagona. Wachiwiri unagona. Amayi oyamba kubwerera anaima ndi ndowa zawo, osamvetsa.

"Mukukonza poikira geti, a Levulo?"

Iye sanadzutse mutu. "Dutsani, amayi. Dumphani bwino, musagunde chingwe."

Anadumpha mmodzimmodzi, akucheuka. Kenaka anafika a Wailesi, ndipo iwowa sanafunike kuuzidwa. Anatula ndowa pansi, manja m'chiuno.

"Ee! Ee! Koma abale inu, bwerani mudzaone! Mpulumutsi wathu uja ndi uyu, akutikwirira amoyo! Bambo inu, manyazi mulibe? Mpando wa pamaliro uja munakhalira chiyani? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!"

Levulo akanatha kuwauza kuti nkhani ya geti anaiphika ndi iwo omwe, iye anangoidya. Koma wakudya ndi wophika onse amanyambita chala chimodzimodzi, ndiye anangopitiriza kuyala njerwa. A Wailesi anakwinya nsalu yawo, anadumpha, ndipo mawu awo anamveka mpaka anakalowa m'tinjira ta m'dera.

Khoma litafika m'mawondo, Levulo anaima. Mkazi wake anali asanabwerere. Ankayenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo, ndipo pamjigo ankakonda kupatsa mpata anzake a ana aang'ono. Akanawonjezera mzere wina umodzi, mkaziyo sakanatha kudumpha. Levulo anayamba kupeza tintchito. Anayeza khoma ndi levulo, n'kuliyezanso. Anamasula chingwe n'kuchimanganso pomwepo. Anasankha njerwa ngati akusankha mkamwini. Dzuwa linakwera, matope m'wilibala anayamba kuuma pamwamba, ndipo madzi m'chigubu anali atatha. Chapafupi pomwepo kampope kothirira kankazungulira pakapinga, koma wosamalira maluwa anali ataletsa kale kuti nsapato ya simenti isapondepo. Patali, kapitawo anaima pamthunzi wa nyumba, akuyang'ana.

Kenaka anamuona akubwera m'msewu wa njerwa zapansi uja, yekha, ndowa pamutu, akukoka mwendo pang'ono. Pakati pa nyumba zazikuluzo ankaoneka wamng'ono kwambiri. Levulo anafuna nthaka itang'ambika. Mkaziyo anafika, anayang'ana khoma, anayang'ana wilibala, kenaka mwamuna wake.

"Nditulani."

Levulo anagwira ndowa, anaitula pansi. "Mayi, ndimafuna ndikuuzeni dzulo. Nkhani ya geti ija..."

"Geti lake liti?" mkaziyo anatero, akupukuta thukuta ndi nkhata. "Bambo, ndakhala nanu zaka zonsezi, malaya a simenti ndachapa ine mpaka manja kusenda. Mukuyesa sindidziwa mano? Poika geti amamanga zipilala. Apa munasiya mano tsiku loyamba lomwe, ndipo ine ndinkawaona m'mawa uliwonse."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Munkayenda ngati munthu, mutu uli m'mwamba. Ndinati asiyeni amveko kukoma, masiku ake ndi ochepa."

Mawu amenewo analibe mkwiyo, ndipo n'chifukwa chake anamulasa. Akanakonda atamutukwana ngati a Wailesi. Anaima pamenepo, bambo wa imvi zake, mpeni uli m'manja, akumva chisoni chimene sankadziwa poti achiike.

"Ndikhoza kusiya," anatero motsitsa mawu. "Nditaye mpeniwu pompano, atseke ena."

"Akatseka ena njira ifupika?" Mkaziyo anasuzumira m'wilibala n'kugwedeza mutu. "Taonani matope anu akuuma. Simenti ya eni ake mukuiwononga."

Asanamuletse, anapendeketsa ndowa n'kuthira madzi m'wilibalamo, madzi amene anawapopa yekha ndi kuwasenza kuchokera ku mjigo. Anathira mosamala, pang'onopang'ono, monga ankathirira pamene awiriwa ankamanga nyumba yawo yomwe, iye akukanda, mkaziyo akuthira. Ndowa inatsala theka.

"Kandani. Ndipo limangeni lowongoka, anthu asadzati mwamuna wanga anakalamba."

Levulo anam'gwira dzanja, mkaziyo anakweza mwendo wabwino kaye, kenaka wodwalawo, akuluma mlomo. Atafika kunja, Levulo anam'patsira ndowa pamwamba pa khoma n'kumusenza. Anamuyang'ana akupita mpaka anakhota kuseri kwa nyumba ya malata a dzimbiri.

Zotsalazo zinayenda msanga, chifukwa manja amadziwa ntchito yawo ngakhale mtima uli kwina. Khoma linafika m'chiuno, m'chifuwa, m'khosi. Mbali ya kwawo inkachepa mzere ndi mzere: poyamba anasiya kuona tinjira, kenaka zitseko, kenaka anatsala madenga okha, ndipo pakati pawo ankaliona lake likuwala. Anakwera pansanja kuika mizere yomaliza. Njerwa zatsopano zinalumana ndi mano aja bwinobwino, moti atapaka pulasitala panalibe akanaloza kuti apa panali njira. Anagoneka levulo pamwamba, kadontho kanaima pakatikati.

Anatsuka zida, anakulunga levulo m'malaya ake, anakoleka chikwama paphewa, n'kutembenuka kuti azipita kwawo. Anaponda kawiri n'kuima, mphuno itatsala pang'ono kugunda khoma. Miyezi yonseyi ankalowera pompa ndi kutulukira pompa, ndipo mapazi ake anali asanauzidwe. Nyumba yake inali pafupi kwambiri moti ankamva tambala wake akulira kuseri kwa njerwazo. Anaseka yekha, kuseka kowawa, n'kubwerera.

Anayenda kudutsa nyumba zonse zija mpaka kugeti lalikulu la kumsewu, kumene sanatulukireko chiyambire. Kumeneko kunali mlonda watsopano wa yunifolomu yosita, amene sankamudziwa.

"Imani kaye, madala. Tsegulani chikwama."

"Ndine womanga. Mpanda wonsewu ndamanga ndine."

"Ndamva, madala, koma ndi lamulo. Aliyense wotuluka wapansi timamusecha."

Anatsegula. Mlondayo anatulutsa levulo, anaivundukula, anaitembenuza uku ndi uku, n'kuibweza. Pambali pawo galimoto yoyera inadutsa, ndipo mlondayo anaiperekera sawasha, dzanja pachipumi, chikwama cha Levulo chili chitsegukire.

Kunja anakhotera kumanzere n'kuyamba kutsata mpanda. Njira inali isanapangike. Munali zitsotso, miyala yotsala pomanga, ndi ngalande ya madzi oipa imene munthu ankayenera kuitsika ndi kuikwera. Anadziwa kona iliyonse, chifukwa anaiimika yekha, koma anali asanaganizepo kuti mpandawu ndi wautali chotere kwa munthu wapansi. Ankaudziwa ndi chingwe, osati ndi miyendo. Akuyenda, anapezeka kuti akuyang'ana khomalo ndi diso la mmisiri, kufunafuna mng'alu, njerwa yofooka, pena pamene mvula ingadzagwetse m'zaka zikubwerazi. Anafufuza ndi mtima wonse, ngati munthu wofuna ndalama yake yotayika. Sanapeze. Linali khoma labwino kwambiri limene anamangapo pa moyo wake.

Atakhota kona yomaliza, dzuwa litapendeka, anaona amayi akubwera mondondozana m'mphepete mwa mpanda, ndowa zopanda kanthu m'manja, ulendo wa madzi a madzulo. A Wailesi anali patsogolo. Anam'dutsa ngati akudutsa chitsa, ndipo enawo anayang'ana pansi. Kumbuyo kwenikweni, patali ndi anzake, kunali mkazi wake, akukoka mwendo. Theka la ndowa lija silikanakwana kuphika ndi kusamba.

Levulo anaima pakati pa njira. Anavula chikwama chake n'kuchikoleka paphewa la mkaziyo, kenaka anagwira ndowa. Mkaziyo anakaniza pang'ono.

"Anthu akusekani, bambo."

"Ayamba kale."

Mkaziyo anasiya ndowa. Anayang'ana mpanda umene unatambalala mpaka kukasowa pakona, kenaka anayang'ana mwamuna wake, wotuwa ndi simenti mpaka m'nsidze.

"Njira mukuidziwa?"

"Ndaimanga ndine," anatero Levulo, n'kutembenuka kutsata amayi aja.